Kodi nambala ya dokotala imanena ngati opaleshoni ya muubongo ingathandize?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti bambo ake a zaka 68 agonekedwa m'chipatala mtsempha wa magazi utaphulika muubongo, ndipo dokotala wanena kuti ICH score yawo, nambala yosonyeza kukula kwa vuto la magazi otayikira muubongo, ndi 3. Akufunsa ngati nambala imeneyi ikutanthauza kuti opaleshoni siingathandizenso.

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa. Nambalayi ikusonyeza kuti bambo adwala kwambiri, koma siinapangidwe kuti izigamula za opaleshoni. Inakonzedwa ndi dokotala Claude Hemphill ndi anzake ku San Francisco, ku America, mu 2001, atafufuza odwala 152, pofuna kuti madokotala azimvana akamafotokoza kukula kwa vutoli. Nambalayi imapezeka pophatikiza mapointi, ndipo ochuluka amachokera pa mmene wodwalayo akutsitsimukira, zomwe zimayezedwa ndi Glasgow Coma Scale, muyeso wa mu 1974 woyambira pa 3 kulekeza pa 15. Wopeza 3 kapena 4 pa muyesowu amapatsidwa mapointi awiri, ndipo wopeza pakati pa 5 ndi 12 amapatsidwa imodzi. Pointi ina imawonjezedwa magazi otayikawo akakwana mamililita 30, ina akalowa m'timphako ta madzi ta mkati mwa ubongo, ina akatayikira m'munsi chakunkhongo, ndipo ina wodwala akakhala wa zaka 80 kapena kuposa. Yomalizayi bambo anu siikuwakhudza.

Sindikubisirani kuti pa kafukufuku uja, odwala 72 mwa 100 alionse a ICH score ya 3 anamwalira pasanathe masiku 30. Komabe chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nambala yowopsa imagwetsa anthu mphwayi, chithandizo n'kusiyidwa msanga, ndipo imfa yotsatirapo imaoneka ngati yatsimikizira nambalayo. N'chifukwa chake bungwe la American Heart Association limalangiza kuti chigamulo chosadzayesanso kutsitsimutsa wodwala mtima ukaima chidikire kaye mpaka tsiku lachiwiri lathunthu ali m'chipatala.

Pa nkhani ya opaleshoni, malo amene magazi aundana ndi ofunika kuposa mapointi. Akaundana m'chigawo cha kunkhongo chotchedwa cerebellum n'kupitirira masentimita 3, kapena akamapanikiza tsinde la ubongo, kuwachotsa msanga kumapulumutsa moyo, ngakhale kuti malo omwewo ndi amene amakweza nambala ija. Kumtunda kwa ubongo nkhani ndi yovutirapo. Kafukufuku wa STICH wa mu 2005, wa odwala 1,033, sanapeze phindu looneka pochita opaleshoni msanga, pamene wa ENRICH wa mu 2024, wa odwala 300, anaonetsa kuti kuchotsa magazi kudzera pa kabowo kakang'ono pasanathe maola 24 kunathandiza makamaka amene magazi awo anali kufupi ndi pamwamba pa ubongo.

Choncho mukakumana ndi dokotala wa opaleshoni, mupempheni akuonetseni pa sikani pamene pali magaziwo, akuuzeni mapointi atatuwo achokera pati, ndiponso ngati magaziwo akuwonjezereka. Mumufunsenso ngati cholinga cha opaleshoniyo n'kupulumutsa moyo wokha kapena pali chiyembekezo choti bambo adzayankhulanso ndi kuyenda, ndipo mumuuze zimene iwo ankafuna ali bwino.