Katundu wa malemu mayi wadzaza chipinda: ndigulitse?

Funso: Mayi anga anatisiya mu 2021, bambo anali atatsogola kale. Katundu wawo ndinamuunjika m'chipinda chakuseri kwa nyumba yanga ku Chilomoni. Muli makina osokera a Singer opalasa ndi miyendo, wadirobu ya mlombwa, wailesi ya Nzeru, simbi ya makala, bokosi lachitsulo limene bambo anabwera nalo ku Wenela, ku migodi ya ku Joni, ndi chitini cha makobili akale. Pali mphunzitsi wina akufuna chipindacho pa K60,000 pamwezi, ndipo ine ndikusowa mpamba wowonjezera pa geni yanga ya mazira. Koma ndikangogwira makinawo, misozi imalengeza. Mlongo wanga ali ku Joni, mng'ono wanga ali kumudzi ku Ntcheu. Wina wandiuzanso kuti simbiyo ndi makobili obowola pakati ndi mamiliyoni. Nditani? Ndine mayi wa ku Chilomoni.

Yankho: Pepani mayi ndi zovuta zimenezi. Misozi imeneyo musachite nayo manyazi, ndipo sindikuuzani kuti muiumitse kaye musanachite kanthu. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. K60,000 pamwezi ndi K720,000 pachaka. Imeneyo ndi lendi imene inuyo mukulipirira katunduyo chaka chilichonse, ngakhale simukuitulutsa m'thumba. Komanso katundu wotsekeredwa m'chipinda sakhala mmene munamusiyira. Lowanimo mawa masana, mukankhe wadirobuyo pang'ono, muone kumbuyo kwake. Mlombwa ndi mtengo wolimba, chiswe sichiulowa msanga, koma thabwa lakumbuyo kawirikawiri limakhala lopyapyala, ndipo ndi limene limayamba kufufutika ndi chinyezi cha dzinja. Mupalasenso makinawo. Ngati gudumu likulimba, dzimbiri layamba kale ntchito yake. Mayi anu ankawathira mafuta makina amenewo, ankawapukuta akamaliza kusoka. Kuwasiya aume mumdima sindikuona kuti ndi ulemu woposa kuwapereka kwa munthu amene aziwapalasa tsiku ndi tsiku.

Musanagulitse ngakhale supuni, imbirani abale anu awiriwo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, ana ake onse ali ndi gawo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kusunga katundu m'nyumba mwanu sikukusandutsani mwini wake nokha. Jambulani chinthu chilichonse, mutumize pa WhatsApp, aliyense asankhe chimodzi chimene mtima wake uli pamenepo, ndipo avomereze molemba kuti zotsalazo zigulitsidwe komanso mmene ndalama zigawidwire. Atsibweni anu nawonso adziwe, kuti mawa pamaliro ena kusamveke zoti mwana wa ku tauni anadya yekha za mayi ake. Ndaonapo abale atasiya kulankhulana chifukwa cha kabati imodzi.

Tsopano za mamiliyoni zija. Mphekesera yoti m'simbi zakale za makala, makamaka zokhala ndi tambala pamwamba, ndiponso m'makina a Singer muli mankhwala odula otchedwa red mercury yazungulira maiko ambiri kwa zaka zambiri. Mankhwala amenewo kulibe. Chimene chilipo ndi akathyali. Amabwera awiri kapena atatu, wina ngati wogula wochokera kunja, wina ngati woyeza. Amakutchulirani mtengo wozunguza mutu, kenako amati mulipire kaye ndalama yoyezera kapena ya mayendedwe a bwana. Mukangotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, foni yawo imazima. Wogula weniweni sapempha ndalama kwa wogulitsa.

Makobili obowola pakatiwo ndi mapeni a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha mu 1963. Ngati m'chitinimo muli ena a nkhope ya Kamuzu olembedwa shilling, florin kapena half crown, amenewo ndi ndalama zoyamba za Malawi za mu 1964, tisanayambe kwacha ndi tambala mu 1971. Si siliva, ndipo anasulidwa ochuluka zedi, choncho osonkhanitsa ndalama zakale sawagula modula pokhapokha akhale osaperepeseka. Musawakweche ndi phulusa kapena sitiliwulu kuti awale, mukatero mwawagwetsa mtengo. Ine ndikanapatula ochepa ooneka bwino n'kugawira zidzukulu, otsalawo n'kugulitsa pamodzi osayembekezera zambiri.

Ndalama yeniyeni ili pa makina ndi wadirobu, chifukwa zimenezi anthu amagula kuti azigwiritsa ntchito. Pa makinawo, yang'anani pansi pa dzanja lamanja, pali kachitsulo kolembedwa nambala. Nambala imeneyo mukaifufuza pa intaneti imasonyeza chaka chimene anapangidwa. Mukaona dzina lake lili ndi K, monga 15K, dziwani kuti anachokera ku fakitale ya ku Clydebank ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Atelala amawadziwa makina oterewa, chitsulo chake n'cholemera ndipo amaboola nsalu yokhuthala mosanyinyirika. Itanani wokonza makina awathire mafuta, asinthe lamba, muikemo ulusi, musoke mzere umodzi pa kansalu. Kansaluko kakhale pomwepo wogula akabwera. Kenako yendani mu msika wa Limbe kapena pamakhonde pamene pamakhala atelala, mufunse atatu kapena anayi kuti makina otere akugulidwa bwanji masiku ano, muyerekezenso ndi mtengo wa atsopano m'sitolo. Safunsa anadya phula. Wadirobu nayo, funsani kalipentala kuti angakulipiritseni zingati kukhoma yofanana nayo ya mlombwa lero, ndipo mtengo wanu uyambire pamenepo kutsika. Musaipake penti.

Poika pa Facebook, jambulani panja kukuwala, mulembe mtengo ndi chilema chilichonse chimene chilipo. Nkhani ya maliro musailembepo, anthu akamva kuti muli pachisoni amanenerera mopanda chifundo. Wogula abwere masana pali munthu wina pakhomo, ndipo katundu asakwere galimoto musanaone ndalama mu foni yanu, osati pa uthenga umene iye akukuonetsani. Ngongole ayi, ngakhale kwa wa kumpingo.

Wailesi ya Nzeru inkapangidwa konkuno ku Blantyre, ndipo kwa ambiri a ife ndi mawu a ubwana wathu. Pamsika sipita patali ngati siilira. Ngati palibe m'bale woifuna, kafunseni ku nyumba yosungirako zakale ku Chichiri ngati angailandire, ngakhale mwaulere.

Bokosi la bambo ndi limene ndikufuna mulitsegule modekha. Pepala lililonse la ku mgodi, chiphaso, khadi ya nambala yawo ya ntchito, makalata a kuchipatala, musataye ndipo musagulitsire limodzi ndi bokosilo. Ku South Africa kuli bungwe la Tshiamiso Trust limene limapereka chipukuta misozi kwa amene anagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi kapena TB, ndipo abale a omwalira angathenso kupempha. Si aliyense amayenerera, koma popanda mapepala nkhaniyo imavuta kuiyamba n'komwe. Mlongo wanu ali komweko, afufuze.

Chimene ndimaopa kwambiri pa malonda otere ndi ndalama kuthera mu ndiwo. Mukatero mudzadziimba mlandu moyo wonse kuti makina a mayi ndinawadya. Kuisunga m'nyumbanso sikuthandiza, mukukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Musanagulitse, lembani pa pepala kumene gawo lanu likupita: mathireyi angati a mazira, kapena chiliza ngati simunamange. Mukalandira lero, mawa lipite komweko.

Ngati pa zonsezi mtima wanu ukukanirira pa makinawo, atengeni akhale chinthu chanu chimodzi chija, abale akavomera. Koma atuluke m'chipindamo, akhale pabalaza kapena pakhonde, mupeze telala wachinyamata aziwabwereka pamwezi. Mukasankha kugulitsa, tsegulani kaye kadirowa kakumbali. Nthawi zambiri mumapezeka tepi yoyezera, choko chosokera ndi mabatani m'kabotolo. Zimenezo chotsani, wogula sazifuna, ndipo zimakwana m'chikwama chanu. Mphunzitsi uja muuzeni kuti chipinda chikhala chokonzeka pakutha pa mwezi wamawa, kuti mukhale ndi tsiku lokukakamizani kuyamba.