Pa thirakitala ya 35 HP tengani slasher ya mita 1.5

Achimwene, mwafunsa ngati thirakitala yanu ya 35 HP (horsepower, muyezo wa mphamvu ya injini) ingathe slasher (makina otchetchera udzu omangirira kumbuyo kwa thirakitala) ya mita 1.8 kapena mungotenga ya mita 1.5, poti malo anu ali ndi udzu wautali ndi timitengo tophukira pa zitsa. Ine ndikuti tengani ya 1.5, ija ogulitsa amati 5 ft.

Chimene chimapusitsa anthu ndi nambala ya pa boneti. 35 imeneyo ndi mphamvu ya injini, pomwe slasher imadya mphamvu yotulukira ku PTO, kachitsulo kozungulira ka kumbuyo kwa thirakitala koyendetsa makina omangiriridwa, ndipo pofika kumeneko imakhala itatsika, mwina pa 29 kapena 30. Onani m'buku la thirakitalayo. Anthu amawerengera 5 HP ya PTO pa masentimita 30 aliwonse a kutambalala kwa slasher. Ndiye ya 1.5 ikufuna 25, ya 1.8 ikufuna 30. Powerenga chabe, yaikuluyo ikukwana ndendende. Koma kaloweni nayo mu udzu wofika m'chiuno, wonyowa ndi mame. Injini imayamba kubuula, mipeni n'kumangogoneka udzu osaudula, inu n'kukhalira giya yoyamba tsiku lonse. Yaing'onoyo idzamaliza msanga chifukwa simubwerezanso pomwe mwadutsa.

Kulemera musakunyozere. Slasher imalendewera kutali kumbuyo kwa matayala, choncho mukaikweza kutsogolo kumapepuka, chiwongolero n'kuleka kumvera. Potsetsereka imeneyo ndi ngozi. Funsani makilogalamu ake, muyerekeze ndi amene mikono ya kumbuyo kwa thirakitala imatha kunyamula, ndipo mapini olumikizira akhale a Category 1, saizi ya mathirakitala ang'onoang'ono ngati yanuyi. Kutsogolo kukamadzuka, mangirirani zitsulo zolemera.

Musanalipire, yezani matayala a kumbuyo kuchokera kunja kwa lina kufika kunja kwa linzake. Slasher ifanane nawo kapena iwapose pang'ono, apo ayi m'mbali mwa mpanda mudzasiya mzere wa udzu. Ngati matayalawo apitirira mita 1.5, pa mathirakitala ambiri amatheka kuwalowetsa mkati. Akakana kulowa, chimenechi chokha n'chimene chingandisinthe maganizo.

Za timitengo tanuto ndiye muchenjere kwambiri, chifukwa apa nkhani si kutambalala koma kulimba. Slasher yopepuka imadula zofika masentimita 2.5 basi, ngati chala chachikulu. Ija amati medium duty imafika pa masentimita 5, ndipo chitsulo chake n'chochindikala. Inu tengani imeneyo, giyabokosi yake ikhale ya 40 HP kapena kuposa. Funsaninso chotetezera giyabokosi mipeni ikagunda chitsa. Zina zili ndi shear bolt, bawuti yofewa imene imathyoka dala. Zina zili ndi slip clutch, imene imangotsetsereka ntchito n'kupitirira. Pa malo a zitsa slip clutch ndiye yabwino, bola muziimasula n'kuiyesa ikakhalitsa osagwira ntchito, chifukwa dzimbiri limaimata. Mukatenga ya bawuti, musadzaikemo bawuti yolimba potopa ndi kusintha. Ena amatero, chothyoka n'kukhala giyabokosi.

PTO ikhale ya 540, kutanthauza yozungulira maulendo 540 pa mphindi. Shafiti yolumikiza slasher ndi PTO nthawi zambiri imabwera yaitali, ndiye muiyeze slasher ili pansi, muiyezenso ili m'mwamba, muidule isanakankhe PTO ya thirakitala n'kuiwononga.