Mitengo yachilengedwe, yamakolo kapena yakwathu?

Funso: Bambo, ndapeza malo ku Bembeke m'boma la Dedza, pamtsetse wa katondo pomwe kumazizira kwambiri mu June ndi July. Nditapita kunazale kukafunsa mitengo yoyenera malowa, wina anati "mitengo yachilengedwe", wina "yamakolo", mnyamata wina n'kuti "maindijinasi". Mawu oyenera ndi ati? Nanga timabzala kapena timadzala?

Yankho: Zikomo bambo, funso lanu landikondweretsa kwambiri. "Maindijinasi" tiwataye msanga. Kubwereka mawu sikulakwa ngati tilibe athu, ndipo "nazale" ndinawalandira kalekale. Koma apa tili nawo athu ambirimbiri.

"Mitengo yachilengedwe" ndi mawu amene alangizi a zankhalango ndi mawailesi anazolowera, ndipo aliyense akumvani mukawanena. Ine sandikhutiritsa. Kodi bulugama, yemwe kwawo ndi ku Australia, sanalengedwe? Nanga paini wa ku Chikangawa anapangidwa m'fakitale? Mawuwa akufuna kunena za mtengo womera wokha m'tchire popanda dzanja la munthu, koma sakutiuza kuti kwawo n'kuti. "Yamakolo" ndi abwinoko, ngakhale amandikumbutsa kwambiri mankhwala azitsamba. Ine ndimasankha "mitengo yakwathu", ndipo kwa inu ndingachepetsenso: mitengo ya m'dera lanu. Mlambe ndi wakwathu ndithu, koma kwawo n'kotentha, ku Mangochi, ku Salima ndi kuchigwa cha Shire. Msangu nawo umakonda kunyanja ndi m'zigwa. Mukaikweza ku Bembeke mudzaizunza chabe.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mayina enieni a mitengoyi akutha m'kamwa mwathu. Ana a masiku ano akuti "mtengo wa masuku". Ayi! Mtengowo ndi msuku, chipatso chake ndi suku, zikachuluka ndi masuku. Tamvani mmene chiyankhulo chathu chinakonzera bwino nkhaniyi: muula umabala maula, mteme umabala mateme, mlambe umabala malambe. Mtengo umatenga m- kapena mu-, zipatso zimatenga ma-. Agogo anga aakazi akamatituma m'phiri mwezi wa December ankati, "Kayang'aneni pansi pa misuku," ndipo ndi mawu amodziwo tinkadziwa mtengo wake, malo ake ndi chimene tikabwere nacho m'dengu.

Mayina ena amakuuzani ngakhale dothi lake. Katope, ndikhulupirira ndi mtima wonse, anachokera ku matope, chifukwa sindinamuonepo patali ndi madzi. Ngati kumunsi kwa malo anu kuli kamtsinje kapena dambo, katope ndi mbawa muziike kumeneko. Kumtunda kouma, kwa katondo wosakanikirana ndi nsangalabwi, n'kwa msuku, muula, muwanga ndi mtengo wotchedwa tsamba. Mbande za msuku zimavuta kugwira. Amene amazidziwa amasakaniza m'machubu dothi lotapa pansi pa misuku ikuluikulu, chifukwa mizu yake imadalirana ndi bowa wa m'nthakamo.

Samalani ndi dzina lakuti mkungudza. Mwini dzinali ndi mtengo wonunkhira wa paphiri la Mulanje, umene sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984. Lero dzinali analanda ndi mtengo wina wobwera, uja timauona m'mipanda ya matchalitchi ndi masukulu. Wakunazale akakuuzani kuti ali ndi mkungudza, mufunseni kuti uti, mungagule mlendo muli ndi chikhulupiriro choti mwagula wakwathu.

Tsono za kubzala ndi kudzala. Onse awiri amamveka, ndipo sindingamudzudzule munthu amene kwawo amati kudzala, poti ndi mmene anayamwira. Polemba ndimakonda "kubzala", chifukwa "kudzala" ali kale ndi ntchito ina: mtsuko umadzala madzi, nkhokwe imadzala chimanga. Mukalemba kuti "munda wadzala", wowerenga ayamba waima kaye.

Koma pali mawu achitatu amene simunafunse, omwenso akusowa masiku ano: kuwoka. Njere timafesa panazale, chimanga timabzala m'mapando, koma mbande yochotsedwa panazale n'kukaikidwa m'dzenje lake timaiwoka. Alimi a fodya ndi a mpunga mawuwa anawasunga. A zamitengo okha ndiwo anawataya, moti nyengo yonse ya December mpaka April timangomva za "kubzala mitengo". Inu mvula ikakhazikika ku Bembeke, katengeni mbande zanu za msuku ndi muwanga mukawoke pamtsetsepo.