Musachotse ng'ombe, gawani malo odyetsera

Achimwene, ngati mbalame zasowa pamalo anu odyetsera ziweto, musachotse ng'ombe pamalopo poganiza kuti mukatero ndiye kuti mbalame zibwerera. Gawani malowo m'zigawo, ng'ombe zizidya mosinthasintha, ndipo chigawo chimodzi muzichisiya osachikhudza nyengo yonse imene mbalame zikuikira mazira ndi kulera ana.

Mbalame zambiri za m'udzu, monga zinziri ndi nkhwali, zimamanga zisa pansi. Ng'ombe zikakhalitsa pamodzimodzi zimadya udzu mpaka dothi kuonekera, zisa zimapondedwa, zotsalazo n'kukhala poyera kwa akabawi ndi agalu. Komanso kusadyetsako konse sikuthandiza: udzu wakale umangounjikana, zitsamba zimalowerera, mbalame zokonda udzu waufupi n'kusamuka. Ine ndinaziona pamalo anga. Nditayamba kupumitsa chigawo chimodzi, chaka chachiwiri ndinayambanso kumva zinziri m'mamawa. Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti msipu wa m'chigawocho ndi umene unapulumutsa ng'ombe zanga chilimwe chitafika povuta.

Musatchetche kapena kutentha udzu ana a mbalame asanayambe kuuluka.

Pankhani ya mankhwala, chonde funsani dokotala wa ziweto. Ivermectin, mankhwala opha njoka za m'mimba mwa ziweto, amatsalira m'ndowe n'kupha tizilombo tomwe timakwirira ndowezo, tomwenso ndi chakudya cha mbalame. Diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu, anapha miimba yochuluka zedi ku India itadya mitembo ya ng'ombe zomwe zinapatsidwa mankhwalawo, mpaka boma linamuletsa pa ziweto mu 2006. Chiwerengero cha ng'ombe zoyenera pa hekitala chimadalira mvula ndi nthaka yanu, choncho itanani mlangizi wa ziweto adzaone malowo musanaike mipanda.