Kodi wosiyiridwa ofesi kwa miyezi itatu ndi mlowam'malo?

FUNSO: A Mkonzi, bwana wa kuntchito kwathu atapita kutchuthi cha miyezi itatu anandisiyira ofesi kuti ndiziyang'anira. Polemba kalata yodziwitsa anzathu, mlembi ananditchula kuti ndine "mlowam'malo" wawo, ndipo bwanawo atabwerako n'kuiona kalatayo sanakondwe ngakhale pang'ono, moti anafunsa ngati tinkawayesa omwalira. Kodi mlembiyo analakwitsa? Nanga si kusukulu tinaphunzira kuti "ine" ndi "iwe" ndi alowam'malo, chonsecho palibe amene wamwalira?
Wowerenga wodabwa

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Bwana wanu anakokomezako, koma khutu lawo silinawanamize, pakuti mawu amene mlembi anasankhawo amanena zambiri kuposa zimene iye ankafuna kunena.

Mawu akuti mlowam'malo anapangidwa polumikiza mneni "lowa" ndi mawu akuti "m'malo", monga momwe "khala" ndi "pakati" anatipatsira mkhalapakati. Kachizindikiro kamene kali pakati pa ma "m" awiriwo kakusonyeza kuti "u" wa mu "mu malo" wachotsedwa, choncho n'kulakwitsa kulemba "mlowammalo". Akachuluka timati alowam'malo. Tsono munthu salowa pamalo pamene mwiniwake akadalipo, ndipo n'chifukwa chake mawuwa, akamanena za udindo, amamveka kuti mwini mpando wachokeratu, kaya wamwalira, wapuma pantchito, watula pansi udindo kapena wachotsedwa.

Mbiri ya dziko lino ili ndi chitsanzo chomveka bwino. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, Mayi Joyce Banda, omwe anali wachiwiri wawo, analumbiritsidwa pa 7 Epulo motsatira malamulo oyendetsera dziko, ndipo anamaliza nthawi yotsalayo mpaka chisankho cha mu Meyi 2014. Tsiku lomwe anagwira mpandowo analeka kukhala wachiwiri n'kukhala mlowam'malo, chifukwa mwini mpandowo sakanabweranso kudzaufuna. Chimodzimodzinso Papa Benedict XVI atatula pansi udindo mu 2013, Papa Francis anali mlowam'malo wawo, ngakhale kuti amene anachokawo anakhalabe ndi moyo mpaka kumapeto kwa 2022. Apa ndiye bwana wanu anaphonya: mawuwa sanena za imfa, amangonena kuti wochokayo sabwereranso pampando.

Inuyo munali wogwirizira. Wogwirizira udindo amachita zonse zimene mwini mpando amachita, amasainira makalata ndi kutsogolera misonkhano, koma amadziwa kuti makiyi a ofesi adzawabweza, mwina kwa mwiniwake akabwerako, mwina kwa wina amene adzasankhidwe. Mlembi wanu akanalemba kuti "amene akugwirizira udindo wa bwana kufikira atabwerako kutchuthi", palibe akanakwinya nkhope. Ndimaona kuti ngakhale ena olemba nkhani amasokoneza mawu awiriwa, ndipo zikatero wowerenga amatsala osadziwa ngati munthu wakwezedwadi pantchito kapena akungosungira mnzake malo.

Palinso woimira, amene sakhala n'komwe pampando wa mnzake koma amangomulankhulira kumene iyeyo sanathe kufika. Loya kukhoti amaimira woimbidwa mlandu, kazembe amaimira dziko lake kunja, ndipo nthumwi imapita kumsonkhano m'dzina la amene aituma. Onsewa wowatuma akadali ndi mphamvu zake zonse.

Kumpira wamiyendo mawu oti mlowam'malo amakhala bwino kwambiri. Wosewera akanyamuka pabenchi, n'kuima m'mbali mwa bwalo kudikira kuti mnzake atuluke, amalowadi m'malo, chifukwa m'mipikisano ikuluikulu wotulutsidwayo saloledwa kubwereranso m'masewero omwewo. Kuyambira mu 2020 matimu anayamba kuloledwa kusintha osewera asanu m'malo mwa atatu, ndipo lamuloli linakhazikitsidwa kotheratu mu 2022. Mawuwa afikanso pa zinthu zopanda moyo, monga tikamamva akatswiri a zaulimi akukambirana za mbewu imene ingakhale mlowam'malo wa fodya pobweretsa ndalama zakunja. Kwa ine, pa zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku ndi bwino kungonena kuti "cholowa m'malo", kapena kuti tagwiritsa ntchito ichi m'malo mwa icho.

Za kusukulu zija simunaiwale. M'malamulo a chiyankhulo, mlowam'malo ndi mawu amene amaima pamalo pa dzina kuti tisamalibwerezebwereze, monga ine, iwe, iye, ife, inu ndi iwo, komanso oloza monga uyu ndi icho. Tikati "Mphunzitsi wafika, ndipo iye watopa", mawu akuti "iye" akhala pamene pakanakhala "mphunzitsi". Apa tanthauzo la kuchokeratu lija lafewa, chifukwa dzinalo likhoza kubweranso m'chiganizo chotsatira popanda vuto lililonse, komabe m'chiganizo chimenecho lachokadi ndipo malo ake atengedwa. Dzina silikhumudwa likalowedwa m'malo, pamene bwana amene wangopita kukapuma ali ndi chifukwa chofunsira, choncho m'pempheni mlembi wanu akonze kalata imene ili m'failoyo kuti pakhale mawu oti "wogwirizira".