Chaka chatha ndinagwa Lenti isanapite patali, chaka chino ndiyambe bwanji?

Talandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa Mpingo wa Katolika. Akuti chaka chatha anatsimikiza mtima kuti Lenti yonse asadye kanthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, asiye tiyi, komanso azidzuka mbandakucha kuti apemphere ola lathunthu. Sabata yachiwiri isanathe mutu unkawawa, ankakalipira ana pa zinthu zazing'ono, ndipo tsiku lina anadya masana. Poona kuti waphwanya lonjezo, anangosiya zonse. Akufunsa kuti Mpingo umalamula chiyani kwenikweni, chifukwa chiyani akawerenga masiku amapeza 46 osati 40, ngati kulephera tsiku limodzi kumaononga nyengo yonse, ndiponso ngati angasale kudya pomwe amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku.

Mayi, zikomo chifukwa cholemba mosabisa. Tiyambe ndi kukutulani katundu amene Mpingo sunakusenzetseni.

Masiku amene lamulo la Mpingo limakakamiza kusala kudya ndi awiri okha pa chaka: Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Ngakhale pa masiku awiriwo, sikuti munthu amagona ndi njala. Amadya chakudya chokwanira kamodzi, ndipo amaloledwa kudyako kenakake pang'ono m'mawa ndi madzulo. Ambiri amaphunzitsa kuti tizakudya tiwiri timeneti mukatiphatikiza tisafike pa chakudya chimodzi chokhuta, ndipo umenewu ndi muyeso wabwino. Madzi saletsedwa, mankhwala saletsedwa. Lamuloli limakhudza munthu kuyambira pamene wakwanitsa zaka 18 mpaka tsiku limene wakwanitsa zaka 59.

Kusala nyama ndi lamulo lina, ndipo anthu amasokoneza ziwirizi. Ili limayamba munthu akakwanitsa zaka 14 ndipo silitha ndi ukalamba. Limagwira pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse. Yoletsedwa ndi nyama ya ziweto, ya m'tchire ndi ya mbalame, nkhuku yomwe. Nsomba, mazira ndi mkaka ndi zololedwa. Chikondwerero chachikulu chikagwa Lachisanu, monga cha Yosefe Woyera pa 19 Malichi kapena cha mngelo kulonjera Maria pa 25 Malichi, lamulo la nyama siligwira tsiku limenelo. Zambiri mwa izi zinachokera m'chikalata cha Papa Paul VI cha mu 1966 chotchedwa Paenitemini, ndipo zinalowa m'buku la malamulo a Mpingo la mu 1983, pa ndime 1249 mpaka 1253. Ndime yomalizayo imapatsa maepiskopi a dziko lililonse mphamvu yoika chinthu china m'malo mwa kusala nyama, monga ntchito zachifundo, choncho mverani zimene zilengezedwe ku parishi kwanu. Kwa munthu amene nyama amaidya mwa apo ndi apo, kuisala Lachisanu sikumupweteka paliponse, ndipo kungakhale kwanzeru kuti awonjezerepo china chimene amachikondadi.

Za masiku 46 aja, mwawerenga bwino. Kuchokera Lachitatu la Phulusa kufika Loweruka Loyera alipo 46, koma mkati mwake muli masiku a Lamulungu asanu ndi limodzi. Lamulungu ndi tsiku lokumbukira kuuka kwa Ambuye, ndipo Akhristu kuyambira kale sasala kudya tsiku limeneli. Mukawachotsa mutsala ndi 40, chiwerengero cha masiku amene Yesu anasala kudya m'chipululu. Tsiku loyambira limasinthasintha chifukwa limadalira Pasaka, amene amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Lachitatu la Phulusa limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi. Funso lotsatira limakhala loti kodi chimene ndasiya mwa kufuna kwanga ndingachibwerere pa Lamulungu? Ngati ndi chinthu chabwino mwa icho chokha, monga tiyi kapena zotsekemera, muli ndi ufulu, ingosankhani pachiyambi n'kukhala pomwepo. Ngati ndi tchimo, monga miseche kapena kuledzera, limenelo lilibe Lamulungu.

Tsopano tione chimene chinakugwetsani, chifukwa sichinali kuchepa kwa chikhulupiriro. Munachotsera thupi zinthu zitatu tsiku limodzi: chakudya, tiyi ndi tulo. Munthu wozolowera tiyi kapena khofi akasiya mwadzidzidzi, mutu umayamba kuwawa pakatha maola 12 mpaka 24, umakula tsiku lachiwiri, ndipo ukhoza kupitirira sabata yathunthu. Chimachititsa ndi kafeini amene thupi linazolowera. Ngati mukufuna kusiya tiyi, yambani kuchepetsa sabata imodzi Lenti isanafike: theka la makapu amene mumamwa kwa masiku atatu, kenako theka la otsalawo. Chachiwiri, anthu ambiri akasiya kudya amaiwalanso kumwa madzi, osadziwa kuti gawo la madzi a m'thupi limachokera m'chakudya. Chizindikiro ndi mkodzo wachikasu kwambiri ndi chizungulire podzuka pampando. Chachitatu, wosala tsiku lonse amadya mopitirira muyeso madzulo, amagona mochedwa m'mimba muli thi, kenako alamu imalira mbandakucha. Munthu wotere sangakhale woleza mtima masana. Kuthamanga sikufika.

Za mankhwala a BP, musasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha Lenti, ndipo musasinthe nthawi yomwera musanafunse adokotala. Ena mwa mankhwalawa amachititsa kukodza pafupipafupi, ndiye mukachepetsa madzi mukhoza kukomoka. Kusala kwa lamulo kuja, kwa chakudya chimodzi chokwanira ndi tiwiri tating'ono, anthu ambiri a BP amakukwanitsa, koma kukhala tsiku lonse osalawa kanthu ndi nkhani yoyamba mwakambirana ndi achipatala. Odwala shuga, makamaka obaya insulin kapena omwa mapiritsi otsitsa shuga, ali pa ngozi yaikulu: kunjenjemera, thukuta ndi kusokonezeka mutu zikayamba, adye kapena amwe chotsekemera nthawi yomweyo. Odwala, amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi amene akumwa mankhwala ofuna chakudya samangidwa ndi kusala kudya. Kwa iwo kudya bwino ndi udindo, ndipo kudzimana kwawo akufune kwina.

Chimene tikukulangizani ndi ichi. Uthenga Wabwino umene umawerengedwa pa Lachitatu la Phulusa, Mateyu mutu 6, umatchula zinthu zitatu pamodzi: kupereka zachifundo, kupemphera ndi kusala kudya. Sankhani chinthu chimodzi pa gawo lililonse, chochepa moti mungachikwanitse pa tsiku lanu lovuta kwambiri, ndipo muchilembe papepala ndi nthawi yake ndi kuchuluka kwake. Lonjezo loti "ndizipemphera kwambiri" limafa chifukwa lilibe ola. Lembani kuti mphindi 15, nthawi yakutiyakuti, pamalo pakutipakuti, foni ili kuchipinda china. Uthenga Wabwino wa Marko uli ndi mitu 16 ndipo wa Luka uli ndi 24. Mutu umodzi patsiku, kupatula Lamulungu, ukupatsani ndendende masiku 40, ndipo mkati mwa Sabata Loyera mudzafika pa masautso a Ambuye. Lachisanu onjezerani Njira ya Mtanda, imene ili ndi zigawo 14, kapena Salimo 51 ngati simungathe kupita ku tchalitchi.

Pa kusala, sungani masiku awiri a lamulo ndi Lachisanu lililonse, kenako onjezeranipo chimodzi chokha, mwachitsanzo kusadya kalikonse pakati pa chakudya ndi chakudya, kapena kutseka Facebook ndi WhatsApp kuyambira 8 koloko madzulo. Pa zachifundo, werengani ndalama zimene mwapulumutsa podzimanapo ndipo muzipereke kumapeto kwa sabata iliyonse kwa munthu kapena banja limene mwalisankhiratu. Mukati mudzapereka zonse pa Pasaka, ndalamazo zidzalowa m'zosowa za pakhomo, ndipo kusala kwanu kudzangokhala kusunga ndalama.

Koma mbali imene kalata yanu sinaitchule n'komwe ndi imene ili pakatikati pa nyengoyi, ndiyo kutembenuka mtima. Wansembe akamapaka phulusa pamphumi, phulusa lochokera ku kanjedza wa chaka chatha, amanena kuti munthu akumbukire kuti ndi fumbi ndipo adzabwerera ku fumbi, kapena amamuuza kuti atembenuke mtima ndi kukhulupirira Uthenga Wabwino. Sanena za mimba. Mneneri Yoweli, amene amawerengedwa tsiku lomwelo, akuti anthu ang'ambe mitima yawo, osati zovala. Ndipo Yesaya mutu 58 amadzudzula anthu amene ankasala kudya kwinaku akupondereza antchito awo, kukangana ndi kumenyana. Mwatiuza kuti kusala kwa chaka chatha kunkathera pa ana. Mawu a Yesayawo akukhudza zimenezo, ndipo sitikunena izi pofuna kukuimbani mlandu. Kusala kumene kumalipiridwa ndi anthu a m'nyumba mwanu n'koyenera kuchepetsedwa. Komabe njala ija inakuthandizani chinthu chimodzi, inakuonetsani pamene kuleza mtima kwanu kumathera, ndipo pamenepo ndi poyenera kugwirirapo ntchito chaka chino.

Kulapa kwenikweni kumatchula tchimo ndi dzina lake. Khalani pansi sabata yoyamba, mudzifunse kuti ndi tchimo liti limene limabwerabwera, limabwera nthawi yanji, muli ndi ndani, mutatopa kapena mutakwiya ndi chiyani. Mukadziwa njira imene limalowera, muitseke: nambala ifufutidwe, gulu la pa foni lija mutulukemo, malo aja musiye kupitako. Kenako pitani ku sakramenti la kulapa, makamaka sabata yachiwiri kapena yachitatu, osadikira Sabata Loyera pamene mzere umatalika ndipo ansembe amakhala ndi ntchito yambiri. Nenani kuti papita nthawi yaitali bwanji chilapireni, tchulani machimo aakulu mtundu wake ndi kangati monga mukukumbukira, osalowetsamo zolakwa za mwamuna wanu kapena za apongozi, mverani malangizo, nenani pemphero lodzimvera chisoni, ndipo malipiro amene wansembe wakupatsani muwachite tsiku lomwelo musanaiwale. Mpingo umalamula kulapa machimo aakulu kamodzi pachaka, ndi kulandira Ukaristia kamodzi pachaka m'nyengo ya Pasaka. Amenewo ndi malire a pansi penipeni.

Pali gawo limene anthu amalithawa chifukwa ndi lowawa kuposa njala: kubweza. Ngati munatenga cha mwini, chibwerere. Ngati muli ndi ngongole imene mwakhala mukuizemba, pitani mukagwirizane za kabwezedwe, ngakhale pang'onopang'ono. Ngati munaipitsa mbiri ya munthu, mukakonze pamaso pa omwe munawauza aja. Zakeyu pa Luka 19 sanangomva chisoni, analonjeza kubweza kanayi kwa amene anawabera. Ndipo pa Mateyu 5:23-24 Ambuye akuti usiye mphatso yako paguwa, uyambe wakayanjana ndi mbale wako. Kukhululukira amene anakulakwirani ndi mbali ya zomwezi, koma sikutanthauza kubwerera m'manja mwa munthu amene amakuzunzani. Mtima ukhoza kumasula munthu ali patali.

Nanga kulephera tsiku limodzi kumaononga zonse? Ayi. Chimene mwadziikira nokha, monga kusiya tiyi, si lamulo, ndipo kuchiphwanya si tchimo lalikulu. Mukadya nyama Lachisanu chifukwa choiwala kuti ndi Lachisanu, palibe tchimo, popeza tchimo limafuna kudziwa ndi kufuna. Mukanyozera dala lamulo la Mpingo popanda chifukwa, kanenenitu polapa. Mulimonsemo, yambiraninso pa chakudya chotsatira. Musadzilange posala kawiri mawa lake, chifukwa zimenezo zimabweretsa kugwa kwachiwiri. Mukaona kuti mwalephera chinthu chomwecho katatu m'sabata imodzi, ndiye kuti muyeso unakula. Uduleni pakati, mupitirize.

Kwa owerenga a mipingo ina: Anglican, Lutheran, Methodist ndi ena amasunganso Lenti, kawirikawiri popanda malamulo okhwima a zakudya, pomwe a Orthodox amayamba Lolemba ndipo mwambo wawo umasala nyama, mkaka ndi mazira nyengo yonse. Tsatirani za mpingo wanu.

Musathe mphamvu zonse m'masabata oyamba, chifukwa masiku olemera ali kumapeto. Lenti imatha Misa ya madzulo a Lachinayi Loyera isanayambe, ndipo Lachisanu Loyera ndi tsiku lachiwiri la kusala kwa lamulo. Mpingo umalimbikitsa amene angathe kuti apitirize kusalako Loweruka Loyera mpaka Misa ya usiku wa Pasaka, koma sumakakamiza. Inu amene mumamwa mankhwala, idyani Loweruka limenelo monga mwa nthawi zonse ndipo mumwe madzi okwanira, chifukwa Misa ya usiku umenewo ndi yaitali ndipo muli kuimirira kwambiri.