Kwa achemwali amene nyimbo zikuwakanirira pakhosi

Achemwali amene mwalemba mobisa dzina, pepani kwambiri. Mwati bambo a kunyumba anatisiya mu Okutobala, inu ndinu wa kwaya, koma chiikireni maliro mukati muyambe nyimbo mawu amangokanirira pakhosi. Ndiye mukufunsa ngati n'kulakwa kukhala pakhomo tsiku la Khirisimasi, kuopa kukasokoneza chimwemwe cha anthu ndi misozi yanu. Ndemanga zonse ndawerenga. Ambiri akuti limbani mtima, ena akuti Mkhristu salira ngati wopanda chiyembekezo. Sakunama ayi, koma ine ndiyankha mwina, chifukwa mphasa mwakhalapoyo inenso ndinakhalapo.

Mwana wanga wachisamba, mtsikana, anamwalira kutatsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ikwane. Papita zaka zinayi tsopano. Tinakamuika kumudzi, cha ku Linthipe, mvula ikugwa, adzukulu akuchita kukapa madzi m'manda. Mwambo utatha anthu anabalalika msanga, ndipo sindikuwanena, poti Disembala kuno kwathu sadikira munthu: udzu wakula m'munda, feteleza akufunika kuthira, mbatatesi zikufuna kupopera. Ndinabwerera ku boma nyumba ili zii. Panja ndiye ma wailesi a anansi, ana akudutsa ndi zovala zatsopano, fungo la mpunga ndi nkhuku likulowera pawindo. Maliro a nyengo imeneyi amawawa kawiri, chifukwa iwe uli pachisoni pomwe mudzi wonse uli pachikondwerero.

Khirisimasi imeneyo kutchalitchi sindinapite. Ndikunena poyera kuti mudziwe kuti si inu woyamba, ndipo palibe tchimo pamenepo. Belu litalira ndinadzifunditsa bulangete. Cha m'ma 2 koloko masana kunabwera amayi atatu a Chigwirizano, ochokera kumapemphero komweko. Sanalalikire, sanandifunse chifukwa chimene ndajombera. Anayala zitenje pakhonde n'kukhala. Patapita nthawi mmodzi wa iwo, gogo wina amene mawu ake ananjenjemera kale ndi ukalamba, anayamba nyimbo chapansipansi, enawo n'kulandira. Choyamba ndinapsa mtima, ndisakunamizeni. Ndinati mumtima, anthu awa abwera kudzandiyimbira chiyani ine mwana wanga ali kumanda? Koma pofika ndime yachitatu ndinali ndikulira kulira kumene sindinalire ngakhale tsiku loika. Ine sindinayimbe nawo ngakhale liwu limodzi. Atamaliza anandiphikira tiyi n'kumapita.

Tangoganizani za siwa, achemwali. Usiku uja mwachezera ndi thupi la bambo m'nyumba, abambo ali panja pamoto, makwaya akusinthanasinthana mpaka tambala kulira, kodi alipo amene anakugwedezani kuti namfedwa bwanji simukuyimba? Palibe. Tonse timadziwa kuti wofedwa sayimba, amayimbiridwa. Inunso pa maliro a anzanu mwachezerapo kangati, mawu mpaka kusasa, m'mawa n'kupita kumunda tulo tili m'maso? Tsono chimandidabwitsa n'chakuti tikangochoka kumanda timaiwala zimenezi, n'kumayembekeza kuti pakatha masabata awiri munthu aimirire kutsogolo atavala yunifomu ngati palibe chachitika. Siwa yanu sinathe. Ngati mungapite kutchalitchi pa 25, pitani ngati namfedwa, osati ngati wa kwaya. Khalani pansi, ena ayimbe.

Si nyimbo iliyonse imene idzakuthandizeni, ndipo Baibulo lenilenilo likuvomereza. Pa Miyambo 25:20 akuyerekeza munthu woyimbira nyimbo mnzake wa mtima wolemera ndi munthu wovula mnzake chovala tsiku lozizira. Ife a ku Dedza vesi limeneli sitifuna womasulira. Amene anaimapo pa depoti m'mamawa wa mu Juni, nkhungu itaphimba phiri, akudziwa kuti kulandidwa juzi n'kutani. Kwa ine makolasi othamanga aja, a kiyibodi ndi masipika, anali choncho chaka choyamba. Sindikunyoza achinyamata athu, lero ndimavina nawo, koma nthawi imeneyo ankandivula juzi.

Zimene zinandigwira dzanja ndi nyimbo zakale za m'buku, za mu Nyimbo za Mulungu, zimene agogo athu amayimba osayang'ana n'komwe patsamba. Ndaganizapo kwambiri chifukwa chake. Mwina n'chifukwa choti ndinaziloweza ndili mwana ku Sande sukulu, ndiye sizifuna mphamvu, zimabwera zokha pamene mutu sukugwira ntchito. Pemphero linkandikanika, ndikagwada ndinkangoti "Ambuye" basi, mawu n'kutha. Koma nyimbo inali ndi mawu okonzeratu, ine kwanga kungowatsatira mumtima. Chinanso, nyimbo zimenezi siziopa kutchula imfa, manda, mdima ndi misozi. Ndipo pano ndidandauleko pang'ono: nthawi ikatha kutchalitchi otsogolera amakonda kunena kuti tiyimbe ndime yoyamba ndi yomaliza yokha. Komatu kawirikawiri ndime zapakati timadumphazo ndi zimene muli mavuto a munthu. Yoyamba imatamanda, yomaliza imafika kumwamba, koma msewu wa matope uli pakatipo. Mukakhala nokha tsegulani buku muwerenge ndime zapakatizo, ngakhale osayimba.

Mwati mukuopa kuti misozi yanu siyenerana ndi Khirisimasi. Inenso ndinkaganiza choncho, chifukwa pa sewero la ana lija Herode ndi amene amatiseketsa, ndi mimba yake ya mapilo ndi asilikali a mfuti za mapesi. Timaseka mpaka kugwa m'mabenchi, n'kuiwala chimene anachita munthu ameneyu. Werengani Mateyu 2 mpaka vesi 18. Muli amayi a ku Betelehemu amene ana awo aamuna a zaka ziwiri kutsika m'munsi anaphedwa, ndipo Mateyu akukumbutsa mawu a Yeremiya onena za Rakele wolirira ana ake, wokana kutonthozedwa. Taonani, wokana kutonthozedwa, ndipo palibe pamene alembapo kuti anachimwa. Pa Luka 2:35 nkhalamba Simeoni, khanda lili m'manja, akuuza Mariya kuti lupanga lidzapyoza moyo wake. Mnzanga wina wa Chikatolika wa ku Bembeke ndi amene ananditsegula maso: kwawoko pa 26 Disembala amakumbukira Stefano amene anaponyedwa miyala, pa 28 amakumbukira ana a ku Betelehemu aja. Ife a CCAP masiku amenewa sitisunga, koma ndinasirira. Ndiye kuti pa masiku atatu otsatira Khirisimasi, awiri ndi a maliro.

Salmo lanu inu wa kwaya ndi la 42. Wolembayo akuti misozi yasanduka chakudya chake usana ndi usiku, ndipo chikumupweteka kwambiri n'kukumbukira mmene ankapitira ndi khamu ku nyumba ya Mulungu akuyimba mokondwera. Ameneyutu ndi mnzanu wa kwaya amene mawu anamuthawa. Tsiku limene mudzaone kuti ngakhale 42 lakukulirani, pitani pa 88. Limenelo silitembenuka n'komwe, limathera mumdima momwemo, koma analisiya m'buku la nyimbo za Aisraeli, sanaling'ambe.

Tsono za tsikulo. Auzeni a tcheya a kwaya lero lomwe kuti chaka chino simuima nawo, asakuwerengereni pa alto. Mukaganiza zopita, musapite nokha, tengani mchemwali wanu kapena mnansi amene sakonda zolankhulalankhula. Khalani benchi la kumbuyo kufupi ndi khomo, zikakukulirani tulukani mukakhale pansi pa mtengo, nyimbo zimamveka bwinobwino panja. Mukaona kuti simungathe, khalani pakhomo, koma uzani amayi awiri atatu kuti adzakuoneni akaweruka. Musachite manyazi kupempha, anthu ambiri amafuna kubwera koma amaopa kuti akusokonezani.

Chimene ndikuchenjezeni ndi usiku wa pa 31. Mapemphero ochezera aja amadzaza ndi maumboni, ndipo pamakhala wina woimirira n'kunena kuti ndikuthokoza Mulungu m'banja mwathu chaka chino simunagwe maliro, anthu m'manja phwaphwaphwa. Sanena ndi mtima woipa, koma iwe wofedwa umangomva ngati akuti Mulungu anasunga ena, iwe anakudumpha. Ine chaka chachiwiri ndinapita, ndinatuluka 11 koloko isanakwane. Chaka chino muupumire usiku umenewo. Ndipo ngati masabata akupita osagona, nsima osadya, kapena maganizo ofuna kuwatsatira bambowo ayamba kubwera, musasunge nokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala, nyimbo ndi mankhwala sizilimbana.

Mwina mukufuna kudziwa kuti mawu anga anabwerera liti. Sanabwerere pa Khirisimasi, kapena pa Pasaka. Unali mwezi wa Meyi, tikukolola, ndili ndekha m'munda ndikusenda chimanga pa mkukwe. Ndinangozindikira kuti ndikung'ung'udza nyimbo ija anayamba gogo pakhonde, ndipo ndinali nditafika kale pakati. Ndinadzidzimuka mpaka kuyang'ana kumbuyo ngati wina wandimva. Kukwaya ndinabwerera patatha chaka ndi miyezi. Mpaka lero ilipo nyimbo imodzi, imene anayimba potulutsa bokosi m'nyumba, ikangolengezedwa nambala yake ine ndimatseka buku n'kuweramitsa mutu. Anzanga anazolowera, amene ndayandikana naye amangokweza mawu pang'ono kuti pamalo panga pasamveke mpata.

Simunanene kuti muli mbali iti. Ngati muli kufupi ndi Dedza boma ndilembereni ku inbox, dzina lanu silituluka. Gogo uja anatisiya chaka chatha, koma awiri enawo alipo, ndipo pa 25 tikaweruka tilibe kopita.